Zinthu Zakale za Makolo Athu ndi Nyumba Zozisungiramo

Nkhani iyi inaulutsidwa pa wailesi pa nthawi ya alimi. Taisindikiza pano kuti mafumu ndi nyakwawa aiwerenge pa bwalo pamaso pa anthu ao.

 Masiku ena pa nthawi ino timakamba za mbeu, za manyowa ndi za dibi la ng'ombe. Lero nkhani yathu ndi yina. Tikamba za zinthu zakale: zija ziri ku tsindwi la nyumba ya agogo zitada ndi mwaye, zija ziri pansi pa bokosi, ndi zija khasu lanu limafukula m'munda inu nkuziponya pa chulu pamodzi ndi miyala.

Ena anena kale mumtima kuti, "Tsobola wakale sawawa, khasu lothyoka la agogo litithandiza chiani?" Funso ili ndi labwino, ndipo ndiyesa kuliyankha. Inu mafumu mudziwa kuti mboni imathandiza pa mlandu pamene bwalo lidziwa dzina lake, kwao, ndi pamene inaima tsiku la mlanduwo. Chinthu chakale chiri ngati mboni yotere. Mkondo, mbiya kapena ndalama yakale imatiuza za makolo athu pamene tidziwa mwini wake, malo ake ndi nthawi yake. Mbiri imeneyi ikatayika, chotsala ndi chitsulo chabe kapena dothi chabe.

NYUMBA ZOSUNGIRAMO ZINTHU ZAKALE

M'dziko muno muli nyumba zingapo zimene nchito yake ndi kusunga mboni zotere. Pa Chingerezi nyumba yotere amaicha museum. Si sitolo ai. Iri ngati nkhokwe ya mtundu wonse. Chinthu chikalowamo, anchito amachipatsa nambala, nalemba m'buku dzina lake, mudzi umene chinachokera, munthu amene anachipereka ndi chaka chimene chinafika. Pambuyo pake amachiteteza ku chiswe, dzimbiri ndi chinyezi, kuti mwana amene lero sanabadwe adzachione ndi maso ake.

Lamulo loyambitsa nyumba yotere linakhazikitsidwa m'chaka cha 1957, dziko lino likadali Nyasaland. Poyamba zinthuzo zinasungidwa mu Mandala House ku Blantyre, nyumba yosanja imene a kampani ya African Lakes anaimanga mu 1882, ndipo ikadaimabe kufikira lero. Mu 1966 inatsegulidwa nyumba yatsopano pa Chichiri, mu Blantyre momwemo.

Mlimi akafika pa Chichiri asathamangire injini ya sitima ndi magalimoto akale amene ali panja, ngakhale ana adzamkokera komweko. Alowe poyamba m'kati, akaone zipangizo zimene makolo athu anapanga ndi manja ao. Iwo anali kusungunula okha chitsulo m'ng'anjo zadothi, akukoleza moto ndi mvukuto wa chikopa. Pamene Dr. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje lolima okha. Mwana amene amayesa kuti khasu linayambira m'sitolo adzatuluka m'nyumba imeneyi atadziwa zina.

Injini ya sitima ija nayonso iri ndi mau ake. Njanji inafika mu Blantyre mu 1908. Isanafike, katundu wambiri anali kuyenda pa mitu ya amtengatenga. Makalata naonso anali kuyenda ndi anthu a miyendo, ndipo anapitirira kutero m'madera ambiri kwa zaka zina njanji itabwera. Pa Namaka, pa mseu wochokera ku Blantyre kunka ku Zomba, pali kanyumba kamene onyamula makalatawo anali kupumuliramo. Kanyumbako kanasanduka nyumba yosungiramo zinthu za positi, ndipo dzina lake ndi Mtengatenga.

Ku Mangochi, kumene kale kunali kuchedwa Fort Johnston, kuli nyumba ya zinthu za ku nyanja imene inatsegulidwa mu 1971. Pafupi ndi nsanja ya wochi, m'mbali mwa mlatho wa Shire, pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani yochedwa Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946.

A Chigawo cha Pakati ali ndi Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza. Pa mishoni imeneyi, imene inayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Kumeneko kuli nyumba ya Chamare, imene imaonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira pa kubadwa kwa munthu kufikira pa imfa yake.

Ku Mpoto kuli nyumba ina mu Mzuzu, ndi ina ku Livingstonia m'nyumba ya miyala imene Dr. Robert Laws anakhalamo. Ku Karonga kuli nyumba imene inatsegulidwa mu 2004. M'menemo mudzaona chifaniziro cha mafupa a chinyama chachikulu chochedwa Malawisaurus, chimene chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo mudzamva za chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka pa Uraha mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Zonsezi zinatuluka m'nthaka ya Karonga momwemo, imene anthu amalimamo ndi kudyetsamo ng'ombe.

KAYENDEDWE KAKE

Nthawi yabwino ya ulendo wotere ndi pamene mwatha kukolola ndi kugulitsa. Mutu umodzi susenza denga: a kalabu ya alimi, a mpingo kapena a komiti ya sukulu angathe kusonkha ndalama ya galimoto ndi yolowera pa khomo. Tumizani mau poyamba kuti mudziwe masiku ndi maola otsegulira.

Musapite achinyamata okha, ndiponso musapite akulu okha. Tengani agogo awiri kapena atatu, mutengenso ana a sukulu ndi makope ao. Mwana adzawerenga mau olembedwa pa chikwangwani, koma agogo ndiwo adzanena kuti, "Ichi kwathu timati chakuti, ndipo amachigwira chotere." Kawirikawiri mlendo wa ku mudzi amadziwa dzina kapena nchito ya chinthu imene sinalembedwe m'buku la m'nyumbamo. Mukadziwa zotere, uzani anchitowo, mudzakhala mutawathandiza.

Zinthu zoonetsedwa musazigwire. Lamulo ili si lonyoza alendo ai. Thukuta la m'manja liri ndi mchere umene umadya chitsulo ndi kudetsa nsalu, ndipo manja a anthu zikwi angathe kutha chinthu chimene chinapirira zaka mazana. Musanajambule chithunzi, pemphani chilolezo.

ZIMENE ZIRI M'MUDZI MWANU

Mukabwerako mudzayamba kuona nyumba zanu ndi maso ena. M'midzi yambiri mukadali uta ndi mivi, chishango, nthungo, kasemasema, mphero, chiwondo, mikanda, makoza a mnyanga, chipini, mphande, kaligo, bangwe ndi kalimba. Zina mwa izi palibenso amene amazipanga m'dera lanu.

Pali zinanso zimene si za kale kwambiri, koma ziri ndi mbiri. Ndalama ndi chimodzi mwa izo. Akulu akumbukira kuti makobiri 12 anali kupanga shereni imodzi, ndipo mashereni 20 anali paundi. Kobiri loboola pakati lokhala ndi njobvu ziwiri ndi la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963. Shereni yokhala ndi chimanga ndi ya Malawi, yoyamba mu 1964. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, pamene mashereni 10 anasanduka kwacha imodzi. Chotero m'kachitini kamodzi ka makobiri mungathe kuphunzitsiramo mwana maboma atatu.

Mapepala naonso musawayatsire moto kapena kupichiramo fodya. Chiphaso cha msonkho, chitupa cha Wenela kapena cha Mthandizi, kalata yochokera ku Joni yokhala ndi sitampa yake, khadi la ubatizo, khadi logulitsira fodya kapena thonje, zonsezi ziri ndi dzina, chaka ndi malo. Ngati m'banja mwanu muli mendulo ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yang'anani m'mphepete mwake: mudzaona dzina la msilikaliyo, nambala yake ndi gulu lake la nkhondo. Mendulo yotere ndi mboni yonena yokha dzina lake.

LEMBANI MBIRI YAKE AKULU AKADALI MOYO

Nchito yoposa zonse ndi iyi, ndipo siifuna ndalama koma kope limodzi ndi pensulo. Itanani mwana wodziwa kulemba, akhale pansi ndi mwini chinthucho, afunse mafunso asanu. Dzina lake nchiani m'chinenero chanu? Anachipanga kapena anabwera nacho ndani? Kunali kuti? Inali nthawi iti? Chinali kugwira nchito yanji?

Agogo akalephera kunena chaka, musaleke. Afunseni kuti inali nthawi ya mfumu iti, kapena ngati inali isanafike kapena itapita njala ya 1949. Munthu wodziwa mbiri angathe kupeza chaka kuchokera pa mau otere. Lembani zimene agogo anena monga momwe anenera, osaonjezera zokometsera. Pamene akaika, lembani kuti akaika. Ngati pali foni yojambula mau, jambulani, koma mulembebe m'kope, pakuti foni imatayika ndi kuonongeka.

Pomaliza lembani nambala pa kapepala kolimba, mukamangirire ku chinthucho ndi ulusi, ndipo nambala yomweyo ikhale m'kope. Musalembe ndi inki kapena penti pa chinthu chenichenicho.

KASUNGIDWE KAKE

Adani a zinthu zakale ndi omwe aja a nkhokwe: chiswe, makoswe, chinyezi ndi moto. Ikani zinthuzo pa thandala, zisakhudze pansi kapena khoma, ndipo pakhale posadontha. Pansi pa chinthu cha mtengo mukaona kaufa kosalala, dziwani kuti m'kati mwake mwalowa tizirombo toboola; chipatuleni msanga kuti tisalowe m'zinzake.

Anthu ambiri amaononga chinthu poyesa kuchikonza. Ndalama yakale musaikweche ndi mchenga, phulusa kapena ndimu, pakuti mukatero mumafuta zilembo zake. Mkondo kapena khasu lipukuteni ndi nsalu youma ndi kulipaka mafuta pang'ono chabe, musalinole. Ng'oma kapena mpando wakale musaupake penti. Mbiya yosweka musaimate. Sungani mapale ake onse pamodzi.

Mapepala ndi zithunzi zikhale zoyala bwino m'bokosi lachitsulo louma. Musaziike m'pulasitiki zikadali ndi chinyezi, chifukwa zidzachita nkhungu. Chithunzi chopachikidwa pamene pamaomba dzuwa chimafufuma m'zaka zowerengeka. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo, mosadinikiza, maina a anthu amene ali pamenepo. Chithunzi cha anthu osadziwika maina chiri ngati manda opanda chizindikiro.

Chenjerani ndi mfuti zakale za gogodera, zipolopolo ndi mabomba a nthawi ya nkhondo. Zina zikadali ndi onga m'kati. Musazigogode kapena kuziika pa moto. Kauzeni a Polisi.

ZIMENE KHASU LIMAFUKULA

Tsopano tifike pa zinthu za m'nthaka, pakuti apa mlimi ndiye woyamba kuziona. Polima, pokumba chitsime kapena poumba njerwa mungathe kupeza mapale okhala ndi zolemba zachilendo, mikanda, mafupa, kapena zotsalira za ng'anjo zooneka ngati miyala yakuda yolemera ndi yoboolekabooleka. Apo panali mudzi.

Nthaka imasunga zinthu mosanjikiza. Za kale kwambiri zimakhala pansi, za pambuyo pake pamwamba. Akatswiri akamakumba amachotsa dothi pang'ono pang'ono, akuyesa ndi kulemba pamene chiri chonse chagona. Makala a pa moto wa anthu akalewo amawatumiza kukapimidwa, ndipo kupimako kumanena zaka zimene zapita chiudulire mtengowo. Chotero phale lopezeka pamodzi ndi makalawo limadziwika msinkhu wake. Koma munthu akafukula ndi khasu nasakaniza zapansi ndi zapamwamba, umboniwo watha, ndipo palibe angaubwezere.

Kukumba kosamala kotere ndiko kunatidziwitsa kuti pa Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, panali anthu oumba mbiya ndi osula chitsulo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pamene akulu amati panali likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr. Yusuf Juwayeyi anakumba napeza mikanda yagalasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njobvu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Pamenepa mau a akulu ndi umboni wa m'nthaka zinagwirizana: Amaravi anali pa malonda ndi anthu a kutali zaka mazana Azungu a Boma asanafike.

Tsono mukapeza zotere, lekani kukumba pamalopo. Zisiyeni monga ziriri, mukwirirepo dothi pang'ono, muikepo chizindikiro, ndipo muuze a mfumu. A mfumu atumize mau kwa Bwana D.C. kapena ku Dipatimenti ya Boma yoyang'anira zinthu zakale. Lamulo la dziko lino lochedwa Monuments and Relics Act limaletsa kukumba malo otere kapena kutulutsa zinthu zakale kunja kwa dziko popanda chilolezo cha Boma.

Lamulo lomweli limatetezanso mapanga okhala ndi zojambula. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 otere. Zojambula zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo a Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mafumu a kumeneko ndi a kwina konse kumene kuli mapanga otere, langizani abusa a ziweto ndi ana a sukulu kuti asasonkhe moto m'phangamo, asalembepo maina ao ndi makala, ndiponso asathirepo madzi pofuna kuti zojambulazo zioneke bwino.

OGULA OYENDA M'MIDZI

Nthawi zina kumafika anthu ofuna kugula zinthu zakale. Pano tisiyanitse bwino. Kusema ziboliboli zatsopano, kuluka madengu ndi kuumba mbiya zogulitsa kwa alendo ndi nchito yabwino yopezera ndalama, ndipo ipitirire. Kusonkhanitsa makobiri akale kapena masitampa ndi kusinthana ndi anzanu kulibenso choipa. Koma mkondo wa ufumu, mpando, ng'oma ya mudzi ndi mphande ya mbumba si za munthu mmodzi. Amene akuzisunga lero anazilandira kwa amalume ake, ndipo ayenera kudzazisiyira womlowa m'malo. Za ku dambwe, za ku kachisi ndi za ku manda ziri ndi eni ake ndi malamulo ake. Izi siziyenera kufika pa msika konse.

Dziwaninso kuti wogula amafuna chinthucho chokha. Sadzalemba dzina la agogo anu kapena la mudzi wanu. Chikapita m'manja atatu kapena anai, palibe adzadziwenso kumene chinachokera, ndipo ndalama imene munalandira idzakhala itatha kale pa mchere ndi sopo.

Chinthu chikaoloka nyanja kubwerera kwake nkobvuta. Anansi athu a ku Zambia akudziwa zimenezi. Mu 1921 anchito a pa mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, anafukula chigaza cha munthu wakalekale. Chinatumizidwa ku London, ndipo Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere kwao. Madzi akatayika saoleka.

Mudzamvanso ena akunena kuti m'simbi yakale ya makala kapena pansi pa chipilala chakale muli chuma chobisika, ndi kuti kobiri limodzi loboola lingagule galimoto. Musanyengedwe. Makobiri amenewo anapangidwa ochuluka zedi, ndipo ambiri mtengo wake pa malonda ndi wochepa. Onena zotere kawirikawiri amafuna kuti muyambe mwawapatsa ndalama, kapena kuti muwathandize kugumula chinthu chimene sichidzamangidwanso.

Ngati banja liona kuti silingathe kusunga chinthu chake, pali njira yabwino. Likambirane lonse pamodzi, ndipo likagwirizana lipite nacho ku nyumba ya zinthu zakale pamodzi ndi mbiri yake yolembedwa. Pemphani kalata yosonyeza kuti achilandira, ndipo mumvane poyera ngati mwapereka chiperekere kapena mwangobwereketsa.

MAU KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Zikomo mafumu, nchito iyi yagona pa inu, pakuti inu ndinu osunga mudzi. Ndikupemphani zinthu zitatu chaka chino. Choyamba, itanani anthu pa bwalo tsiku limodzi la chilimwe, banja liri lonse libwere ndi chinthu chake chakale, akulu afotokoze, ana alembe, ndipo madzulo yense abwerere nacho kwao. Chachiwiri, yendani ndi akulu a mudzi mukaone malo a midzi yakale, a ng'anjo, a kachisi ndi mapanga a m'dera lanu, kuti pogawa minda kapena malo oumbira njerwa muziwalambalala. Chachitatu, konzani ulendo umodzi wa ku nyumba ya zinthu zakale imene iri pafupi ndi inu.

Pa zitatuzi yambani ndi choyamba, ndipo musachedwe nacho. Mbiya ingathe kudikira m'nthaka zaka zina 100, koma agogo amene adziwa dzina la woiumba sadzadikira nthawi yonseyo. Ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba yotere, tumizani mwana ndi kope mawa lomwe.